Mkamwini Amene Anazira Mudzi Wonse

Malemu atsibweni athu, Bambo Dominic Kambalame, anabadwa pa 9 Okutobala 1958 m'mudzi wa Chadika ku Kabudula, ndipo m'banja la ana anayi iwo anali achitatu. Ndisanapitirire, a Bambo Mfumu, mafumu athu, akuluakulu a mpingo, anamfedwa ndi inu nonse amene mwabwera kudzakhuza, ndiloleni ndidzitchule. Ndine Moses, mwana wa mlongo wawo, Mayi Ellen. Mabanja onse awiri andituma kuti ndiwerenge mbiriyi, ndipo andisenzetsanso uthenga umodzi.

Uthengawo mukuudikira, ndikuona. Maso anu sali pa ine ayi, ali pa lole yaima patsinde pa mango apo. Loleyo yachokera ku Kabudula kudzatenga thupi, poti mwambo umati mkamwini akamwalira abwerere kwawo. Kumeneko adzukulu akumba kale. Kuno kwa Kamphinda nako adzukulu akumba, pambali pa manda a akazi awo. Manda awiri, munthu mmodzi. Ana a malemu kwawachera lero asakudziwa ngati bambo awo atsala kapena akwera. Nkhaniyo akuluakulu aimaliza, koma andiuza kuti ndiinene kumapeto, chifukwa chigamulo chake sichingamveke kwa munthu amene sanamve moyo wa malemuwa. Ndiye khazikani mitima pansi. Ndipo mukandiona ndikumwetulira pamaliro, musati mwanayu mutu wazungulira. Mbiri ndagwirayi ndi yokoma, anthuni, ndalephera kuilemba ndi nkhope yakugwa.

Mu 1966 malemu anayamba sukulu ya mishoni imene inali kutsidya kwa mtsinje. Chilimwe kunalibe vuto, ankangodumpha pamiyala. Koma dzinja madzi akasefukira, achimwene awo aakulu, atsibweni a Isaac, amene akhala kutsogolo apo ndi ndodo yawo, ankawabereka kumsana n'kuwaolotsa, kenako iwo n'kubwerera kukatsegulira ng'ombe. Banja silikanatha kuphunzitsa anyamata awiri, ndiye wamkulu anasiyira wamng'ono. Kusukuluko aphunzitsi ankadandaula chinthu chimodzi chokha. Makope a Dominic ankatha msanga, osati ndi masamu, koma ndi nkhanga, ngolo ndi nkhope za aphunzitsi omwewo zojambulidwa m'mbali. Analekezera Sitandade 6 mu 1972 bambo awo atamwalira, nabwerera kumunda.

Mu 1978 anapeza ntchito ku Chitedze, m'minda yoyeserera mbewu. Ntchito yawo inali yokumba dothi, kuliyanika, kulisefa ndi kuliika m'timatumba kuti akatswiri akaliyeze. Anaigwira mokhulupirika mpaka anapuma mu 2003. Kumeneko ndi kumene maso awo anazolowerana ndi dothi. Ife tikamayenda timati pansi ndi pansi basi. Iwo ankaima pakati pa njira n'kuloza kuti uyu ndi katondo wofiira ngati chiwindi, apo pali dothi lachikasu, kudambo uko kuli mtsiro wakuda bii umene ukauma umawala. Ukayenda nawo ulendo wa ku Msundwe, unkafika msika utatsala pang'ono kubalalika.

Mu 1982, pamsika womwewo wa Msundwe, anaona mtsikana wogulitsa mtedza, Veronica, aNangondo, wa m'mudzi muno. Akuti anagula mtedza misika itatu yotsatizana, pamene kwawo nkhokwe ya mtedza inali yodzaza. Chaka chotsatira anamanga ukwati woyera, ndipo atsibweni anabwera kuno chikamwini. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Lilian, Gabriel ndi Jane. Apa ndiloleni ndinene chilungamo, poti pamaliro sitinama. Nyumba ili kumbuyo kwangayi anamanga ndi iwo. Chitsime chimene mwamwa madzi ake masiku awiriwa anakumba ndi iwo. Mango amene loleyo yabisalapo dzuwa anabzala ndi iwo. Koma pabwalo pakagwa nkhani, iwo akati atsegule pakamwa, mawu anali akuti mkamwini akhale chete, tikamba eni mudzi. Kodi munthu angakumbe chitsime chimene mudzi wonse ukumwa, iye n'kukhalabe mlendo? Funso limeneli ndalisunga nthawi yaitali, lero ndalitula.

Mayi Veronica anali ndi luso lawo. Chaka chilichonse akakolola ankazira nyumba yawo, pansi ndi makoma omwe, kenako n'kujambula maluwa pakhoma ndi mtsiro, katondo ndi phulusa. Amayi ambiri amatero, koma maluwa a aNangondo anthu ankapatuka panjira kudzawaona. Atsibweni ankabwera kuchokera ku ntchito matumba a jekete atalemera ndi dothi lamitundumitundu lotola m'njira, ngati mnyamata wobweretsera bwenzi lake masiwiti. Iwo sankagwira nawo, poti kuzira ndi ntchito ya amayi. Ankangokhala pakhonde n'kumaonerera.

Mu Okutobala 2009 Mayi Veronica anatisiya atadwala kanthawi kochepa, maluwa a chaka chimenecho atangomaliza kumene kujambula. Zimene ndinene tsopano anandilamula okha atsibweni kuti tsiku lawo lomaliza ndisadzabise. Anasweka. Anayamba kachasu. Kutchalitchi anasiya, munthu akawapatsa moni ankamuyankha ngati wawatukwana. Masana ena mu Disembala kunagwa mvula yamphepo yomenya m'makoma. Anthu a kuno mukukumbuka, munawaona ataima pamvula, akuyesa kuphimba khoma ndi masaka kuti maluwa a akazi awo asachoke. Masaka anauluka. Maluwa anatsetsereka n'kukhala matope pamapazi awo.

Mu 2010 inabwera nkhani ya kusudzula, kuti mwamuna wamasiye amasulidwe abwerere kwawo. A Frackson, mlongo wa Mayi Veronica ndiponso mwinimbumba wa pano, andiloleza kunena mawu amene anayankhula tsiku limenelo, ati bola ndisaonjeze. Anati, "Tambala wobwereka, nkhuku ikafa, amabwezedwa kwawo." Atsibweni a Isaac nawo anabwera kudzatenga mng'ono wawo. Malemu anakana. Anati ana awo ali kuno, manda a akazi awo ali kuno, ku Chadika akakhala ngati mbuzi yogula kumene. A Isaac anakwiya, ndipo ponyamuka anasiya mawu akuti, "Ukafuna kufera kuchikamwini, fera komweko. Koma mtembo wako ndidzatenga ndine." Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso m'mudzi muno mpaka dzulo. Choncho malemu anatsala pakati, kuno sakuwafuna, kwawo awakwiyira.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene mbiri ikuyamba kukoma. M'mawa wina mu Ogasiti chaka chomwecho, amayi amene ankakumba mtsiro kudambo anangoona mwamuna akubwera atasenza beseni. Linali beseni la aNangondo, m'kati mwake muli nkhulungo yawo, kamwala kosalala kaja kosalazira pozira. Sanayankhule ndi munthu. Anagwada, anakumba, anasenza, anabwerera. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti a Kambalame agwada akuzira! Kunali phwete. Ana ankawaitana kuti aNadothi. Abambo a pabawo ankakuwa kuti, "Mawa mumangenso chitenje, alamu!" Iwo n'kuyankha osadzutsa mutu, "Mukachipeza mundibweretsere, pansi pano mawondo akupweteka." Maluwa awo oyamba, tinene zoona, anali ngati mapazi a bakha. Koma usiku umenewo akuti anagona tulo osamwa kanthu, koyamba chimwalirire akazi awo.

Ankafotokoza okha kuti nthawi ya chisoni ija anayesa kupemphera ndi mawu, koma mawu onse ankasanduka milandu, ankangomuimba Mulungu mlandu. Atagwada n'kulowetsa manja m'dothi, pakamwa panatseka pokha, ndipo m'pamene anayamba kumva. Kuyambira pamenepo kuzira kunasanduka pemphero lawo. Ankadzuka m'bandakucha n'kupita kudambo osayankhula ndi munthu. Ukakumana nawo n'kuwapatsa moni, ankangokweza dzanja. Alendo ankati mdalayu ndi wamwano, osadziwa kuti ali pakati pa pemphero. Pokanya dothi ankatchula chamumtima dzina la mwini khoma, la akazi ake, la ana ake mmodzimmodzi. Chakudya sankalawa mpaka khoma loyamba litatha. Ndipo anali ndi lamulo limodzi limene sanaliphwanyepo. Ankati dothi limamva dzanja, ukalikanya uli ndi munthu kukhosi limang'aluka. Ndiye akakhala kuti wina ali naye chifukwa, ankayamba apita kwa munthuyo kukapempha khoma lake.

Kodi mukuganiza kuti khoma loyamba kukapempha linali la yani? La a Frackson! A Frackson anawathamangitsa, ati nyumba yawo si kope la mwana wa sukulu. Koma akazi awo, Mayi Annie, anadikira tsiku la msika amuna awo atapita ku Msundwe, n'kuuza malemu kuti, "Alamu, fulumirani, akabwera ndiyankha ndine." A Frackson pobwera madzulo anapeza ng'ombe zawo ziwiri za pangolo zitaima pakhoma, ina ya nyanga yopindika ija ili ndi nyanga yake yomweyo. Anatsika panjinga. Anayang'ana. Anthu anasonkhana kudikira ndewu. Mawu amene anatuluka anali akuti, "Nyanga iyi mwaipinda kwambiri." Kenako analowa m'nyumba, anatulutsa mpando, n'kukhala moyang'ana khomalo mpaka dzuwa kulowa. Nkhani ya tambala wobwereka inathera pomwepo, palibe anaimvanso.

Kuchokera apo makomo anatseguka. Koma malemu sankajambula zimene iwo akufuna. Ankafika pakhomo n'kufunsa funso limodzi: "Chaka chino mukuthokoza chiyani?" Chimene wayankha ndi chimene chinkakwera pakhoma. Wina mbuzi yake inabereka mapasa, mbuzi pakhoma. Wina mwana anakhoza mayeso, mwana pakhoma atanyamula buku. Wina anati akuthokoza kuti apongozi ake anabwerera kwawo, atsibweni anajambula minibasi ikupita! Funso lija limaoneka lopepuka, koma tayesani kuliyankha chaka cha njala. Anthu ankayamba kuliganizira mwezi wathunthu asanafike, ndipo poliganizira ankapeza kuti chaka sichinali choipa chonse.

Mayi Mariya, amene akhala ndi amayi a kwaya apo, andipempha kuti nkhani yawo ndisaidumphe. Chaka chimene anaika mwana wawo wamwamuna, malemu atafunsa funso lija, iwo anayankha kuti palibe, ndipo achoke. Atsibweni sanakakamize, sanalalikirenso. Ankangobwera m'mawa n'kukhala chete pakhonde, beseni lili pambali, kenako n'kumapita. Tsiku lina Mayi Mariya, pofuna kuti munthuyu awachoke, anati, "Chabwino, maungu anamera okha padzala, ndi amene tikudya." Anthuni, mtsitsi wa dzungu umene anajambula unazungulira nyumba yonse, kuchokera pakhomo, kudutsa kuseri, kubwereranso pakhomo, maluwa achikasu ali mbwee! Mayi Mariya akuti anauzungulira akuutsata ndi chala, ndipo pofika pakhomo anapezeka akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Lamulungu lotsatira anabwerera ku kwaya.

Chinthu chimene ambiri chinkatipweteka ndi mvula. Ntchito yonse ija, mvula yoyamba yamphepo ikabwera, inkachoka. Anthu akufuna kwabwino anabwerapo ndi zitini za penti kuti zojambulazo zizikhalitsa. Anathokoza, n'kupereka pentiyo kusukulu ya mkaka. Munthu yemwe uja anaima pamvula ndi masaka tsopano ankatulutsa mpando pakhonde kuonerera makoma akusamba. Ankati, "Mvula ikafufuta ndiye kuti Mwiniwake waona, watenga, akufuna china." N'chifukwa chake sanajambulepo chinthu chimodzi kawiri. Alendo ena ochokera mumzinda anadzajambula makomawa ndi makamera, n'kukafalitsa kuti ndi luso la amayi a kumudzi, dzina la atsibweni osalitchula. Ine magazi anawira, ndinkafuna kuwalondola komweko. Iwo anangoseka, ati, "Ananama pati? Anandiphunzitsa ndi amayi." Kenako anandipatsa chibuma cha dothi kuti ndikanye mpaka mtima utsike. Amene mumandidziwa ndi mtima wanga wapachala mukhoza kuganiza kuti ndakanya dothi lochuluka bwanji chibwerere kuno mu 2016. Zikwangwani zimene ndimalemba m'magolosale a pa Msundwe zinayambira pa dothi limenelo.

Moyo wawo unasintha tonse tikuona. Mu 2011 anabwerera ku masakalamenti, kachasu osamulawanso. Mu 2014 anasankhidwa kutsogolera mphakati wa kuno, mkamwini yemwe uja wouzidwa kuti akhale chete. Pofika 2018 sankapitanso okha kudambo. Kumbuyo kwawo kunkakhala mzere wa amayi, achinyamata, ndi abambo, inde abambo, ena mwa iwo omwe aja a pabawo, onse chete, mabeseni kumutu. Mayina sinditchula, mawondo awo akuwadziwa. Mabanja amene sankapatsana moto anayamba kupemphana makoma. Lero yendani m'mudzi muno, kuchokera kuchigayo mpaka kumjigo, mundiuze ngati mupeze nyumba imene dzanja la munthu uyu silinakhudze. Mlendo amatero, eti?

Koma khoma limodzi linawakanika, la achimwene awo ku Chadika. Lamulo lawo lija silinkawalola kuyamba ntchito ya chaka asanapemphe khoma limenelo. Ndiye chaka chilichonse akakolola ankamanga dothi pakaliyala n'kupalasa njinga ulendo wonse wa ku Kabudula. Chaka chilichonse a Isaac ankawayankhira pakhomo kuti, "Mwamuna wa kwa Kambalame sagwada pamtsiro. Pita ukazire kwa apongozi ako." Malemu ankatsanzika mwaulemu, n'kubwerera ndi dothi lawo. Dothi limenelo sankalitaya, sankaligwiritsanso ntchito panyumba ina. Ankalimata kuseri kwa nyumba yawo ino. Poti mwini khoma sanayankhe funso lija, ankajambula chimene iwo eni ankathokoza pa achimwene awo. Chaka china khasu limene a Isaac anawasulira, chaka china malaya amene anawabwereka tsiku la ukwati. Kuno ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti kuseri uko ndi khoma la a Isaac. Amene sankadziwa anali a Isaac okha.

Mu 2022 malemu anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafooka. Tinati basi, beseni lapuma. Iwo anayamba kuphunzira ndi lamanzere. Mizere inkatuluka yokhotakhota, iwo n'kumasangalala kuti tsopano akujambula ngati mwana, akwera kalasi. Lilian ankawakumbira dothi, iwo n'kumakanya atakhala pakampando. Mu Seputembala chaka chino ulendo wa ku Kabudula sakanautha, ndiye anatuma ine. Ndinapita ndi dothi, ndinabwera nalo. Zimene ndinayankhula m'njira pobwerera sizoyenera pamaso pa a Bambo Mfumu. Atsibweni anangondiyang'ana, n'kundilozera beseni. Mwezi wonse wa Okutobala anakhala kuseri kuja, dzanja limodzi, pang'onopang'ono, osalola munthu kuwathandiza.

Kumayambiriro kwa Novembala anayamba kubanika. Tinapita nawo kuchipatala cha mishoni ku Namitete, kumene madokotala ndi anamwino anayesetsa ndi mtima wonse. Analandira masakalamenti a odwala ali ndi nzeru zawo zonse. Ataona kuti mphamvu zikutha anaitana ana awo ndi ine, n'kunena kuti, "Mundigoneke pafupi ndi aNangondo. Koma akulu akakana, musalimbane nawo pamtembo wanga. Moses, ndikunena iwe." Anatisiya Lamulungu pa 17 Novembala 2024, ali ndi zaka 66.

Dzulo lole inafika. A Isaac anatsika n'kunena kuti anabwera kudzachita zimene analonjeza. Mwambo unali kumbali yawo, ndipo ife manja anali omangidwa ndi mawu a malemu. Ine ndinangokhala pamphasa. Koma taonani zodabwitsa! Amene anaimirira kuwakanira anali a Frackson, omwe aja a tambala wobwereka. Anati, "Alamu, munthu uyu si mlendo. Mukamutenga, mutengenso makoma athu onse." A Isaac sanasunthe. Anati mawu a mwamuna sabwerera, mng'ono wawo akagona pafupi ndi mayi ake. Zokambirana zinatha popanda mgwirizano, n'chifukwa chake adzukulu a mbali zonse ziwiri anagwira makasu.

Lero m'mawa Lilian anatenga madzi osamba kumaso a atate ake aakulu, a Isaac, n'kukawaika kuseri kwa nyumba. Iye akuti kwina konse kunali anthu. Ine sindikumutsutsa. A Isaac anazungulira nyumba, anawerama kuti asambe, n'kudzutsa mutu. Mvula sinagwe chaka chino, ndiye khoma lili momwe analisiyira. Pali mtsinje wa mtsiro wakuda, wodzaza mpaka m'mbali. Tsidya lino ng'ombe zaima zikudikira. Pakati pa madzi pali anyamata awiri. Wamkulu madzi amulekeza m'chifuwa, wabereka wamng'ono, ndipo wamng'onoyo wanyamula sileti pamutu kuti isanyowe. Tsidya linalo sanamalize, pali mzere umodzi wokha wa katondo pamene pakanakhala sukulu.

Madzi aja anazizira m'beseni. A Isaac anafunsa kuti ichi n'chiyani. Lilian anawauza kuti ili ndi khoma lanu, dothi limene munkalibweza lija linkathera apa. Anafunsa kuti zaka zinazo panali chiyani. Apo amayi amene ankaphika kuseriko anasiya mithiko n'kuyamba kulandizana mawu, uyu akuti panali khasu, uyo akuti panali malaya oyera a mabatani akuda, wina akuti panali msampha wa mbewa umene munawaphunzitsa kutchera. Mvula inafufuta zonsezo, koma mudzi unasunga. Atsibweni a Isaac anakhala pakampando ka mng'ono wawo nthawi yaitali, ndodo ili pansi. Kenako anaitanitsa a Frackson ndi mafumu, ndipo uthenga umene andituma ndi uwu, m'mawu awo enieni: "Mwana uyu ndinamuolotsa kale. Sindingamubwezenso kutsidya."

Atsibweni a Dominic agona kuno kwa Kamphinda, pambali pa aNangondo!

Amayi, lulutirani ngati mukufuna, a Bambo Mfumu avomera. Lole ija sibwerera yopanda kanthu. Inyamula thunthu la nthochi loti akakwirire m'manda akumbidwa ku Chadika, monga mwa mwambo, kuti dzenje lisakhale kukamwa. Inyamulanso beseni la aNangondo ndi nkhulungo yake. Tikadzameta, Lilian ndi gulu lonse la kudambo adzapita kukazira nyumba ya a Isaac, imene yadikira zaka khumi ndi zinayi. Eni akewo anena kuti mawondo awo ndi okalamba, koma dothi loyamba adzakanya okha. A Frackson awalonjeza chitenje. Atsibweni a Isaac, ine mwana wa mlongo wanu ndinkabwera pano ndi mawu ambiri okonzera inu. Onse ndawameza. Zimene mwachita lero ndi zaukulu, ndipo takuonani.

Malemu asiya ana atatu, Lilian, Gabriel ndi Jane, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiya achimwene awo a Isaac ndi mlongo wawo Mayi Ellen. Asiya alamu awo a Frackson ndi Mayi Annie pamodzi ndi mbumba yonse ya kuno, mphakati umene ankautsogolera, ndi anthu osawerengeka amene tsopano amadziwa kugwada.

M'malo mwa mabanja awiriwa ndikuthokoza mafumu a Kamphinda ndi a Chadika chifukwa chotipirira. Ndikuthokoza a Bambo Mfumu, akatekisi ndi kwaya. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Namitete, anzawo akale a ku Chitedze amene abwera ndi bokosi, amayi amene atunga madzi ndi kuphika, ndi inu nonse amene mwapereka chipepeso. Adzukulu a kuno, zikomo. Adzukulu a ku Chadika, amene mwakhetsa thukuta pamanda oti mugonamo nthochi, tikupepesa ndipo tikuthokoza mwapadera. A dalaivala a lole, pepani, katundu wasintha.

Pempho lomaliza ndi ili. Tikanyamuka kupita kumanda sitidzera njira ya kutsogolo. Bokosi lidutsa kuseri kwa nyumba, ndipo tonse tidutsa komweko, mwakachetechete monga ankapitira kudambo, kuti aliyense aone khomalo ndi maso ake. Yang'anani kumwamba cha ku Mpingu uko, mitambo yayamba kuda. Mwina lero, mwina mawa, anyamata awiri aja achoka pakhoma. Asapezeke wina wothamanga ndi masaka.

Atsibweni, Bambo Dominic Kambalame, mkamwini amene munazira mudzi wonse, dothi munalidziwa mitundu yake yonse, ndipo la kuno likukudziwani. Likulandireni mofewa. Mwiniwake waona, watenga. Mukatifunsa kuti chaka chino tikuthokoza chiyani, yankho lathu ndi inu. Mzimu wanu uuse mumtendere.